Mwana wakhoza Fomu 4 koma pakhomo palibe ndalama: ndi njira iti imene ingamufikitse patali?

Bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, pakhomo pamene mwana wakhoza bwino pamamveka nthungululu kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka akuluakulu amakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mbuzi, matumba a chimanga ndi achibale amene ali pantchito m'tauni. Ndinakhala nawo pa zokambirana zotere pakhonde la achemwali anga chaka chimene mwana wawo wachisamba anapeza mapointsi 15 (pa mayesowa mapointsi ochepa ndiwo abwino), atalembera mayeso pa sekondale yoyendera yomwe inalibe ngakhale chipinda choyeseramo za sayansi. Alamu anga, amene moyo wawo wonse akhala akulima fodya ndi mtedza, anandifunsa funso limodzi lokha: "Alamu, inu mwayenda, tatiuzani, fizi ya ku yunivesite ndi ndalama zingati?" Ndinawayankha kuti fizi ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi, popeza chimene chimabweza ana ambiri a anthu osauka ali pakati pa ulendo ndi nsima ya tsiku ndi tsiku, lendi ya mwezi ndi mwezi, ndiponso zaka zimene banja liyenera kupirira mwanayo asanayambe kubweretsa kanthu pakhomo. Njira zimene ndikuziyerekeza pano ndaziyeza ndi mafunso awiri amene tinatsala nawo madzulo amenewo: kodi mwana angathe kuimaliza njirayo, ndipo akaimaliza idzamusiya pati?

Khomo la yunivesite m'Malawi ndi lopapatiza kuyambira kalekale. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali yokhayo ya boma, kufikira pamene Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Lero za boma zilipo zisanu ndi imodzi: UNIMA (Yunivesite ya Malawi) ya ku Zomba, MUBAS ya za malonda ndi uinjiniya, ndi KUHeS ya zaumoyo, zitatu zimene zinapatukana mu 2021, kuphatikizapo Mzuni (ya ku Mzuzu ija), LUANAR ya ku Bunda ndi MUST ya ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014. Malo awonjezekadi, koma sakufanana ndi khamu la ana amene anadzaza makalasi chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Padziko Lonse anapezapo kuti ophunzira oposa 90 mwa 100 aliwonse a m'sukulu za ukachenjede ankachokera m'mabanja olemera kwambiri, amene ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mabanja onse, pamene ochokera m'gawo losaukitsitsa sankakwana ngakhale mmodzi pa 100. Mu 2020 boma linathetsa njira ya kota, imene inkagawa malo potengera boma lochokera, ndipo tsopano akuyang'ana makhozedwe. Kunena zoona, njira zonse ziwirizi sizinapangidwe poganizira mwana wosauka: kota inkafunsa kumene munthu amachokera osati chimene amadya, ndipo mapointsi safunsa ngati mwanayo anaphunzira Kemisitiri akugwira botolo m'manja kapena akungojambula chithunzi chake m'kope.

Ngakhale zili choncho, kwa mwana amene mapointsi ake akulola, yunivesite ya boma ndiyo njira yoyamba kuiyesa, ndipo pamenepa sindikayika. Chofunika ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kuti magiredi a pakati pa 1 ndi 6, ndipo zofunsira malo zimadzera ku bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka mayunivesite onse a boma pamodzi. Ana ambiri a kumudzi amagwera pomwepa chifukwa chosowa wowalangiza. Mwana wa mapointsi 15 amalemba udokotala poyamba, uinjiniya kachiwiri, za mankhwala kachitatu, chifukwa ndizo ntchito zokhazo zimene anazimvapo, osadziwa kuti akupikisana ndi anzake a mapointsi 6, 7 ndi 8 ochokera ku masekondale otchuka a ku Marymount, ku Dedza kapena ku Likuni. Mapeto ake dzina lake silituluka paliponse, pamene mnzake wa mapointsi ochulukirapo amene anaika maphunziro a uphunzitsi, a za nkhalango kapena a ulimi wa nsomba wapeza malo. Pulogalamu iliyonse ilinso ndi maphunziro ake amene imawayang'ana kwambiri, motero giredi 2 ya Chichewa siingaphimbe giredi 6 ya Masamu kwa munthu wofuna uinjiniya. Ola limodzi lokhala pansi ndi mphunzitsi wodziwa zinthu, kapena ndi wophunzira amene ali kale ku yunivesite, n'kuwerenga mofatsa chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho, limathandiza kuposa mbuzi imene banja likukonzekera kugulitsa.

Makolo ambiri akadali ndi chithunzi cha yunivesite yakale, ya masiku amene wosankhidwa ankapeza bedi likumudikira, chakudya katatu patsiku ku kafeteriya ndi kandalama ka m'thumba pamwamba pake. Yunivesite imeneyo kulibenso. Mu 2015 boma linasiya kupereka ndalama za m'thumba kwa ophunzira atsopano, ndipo m'chaka chomwecho linakhazikitsa mwalamulo bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede la HESLGB. Mu 2016, Yunivesite ya Malawi itakweza fizi kufika pa K400,000 pachaka, ophunzira anachita zionetsero mpaka Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti itsike ndi K50,000. Kuchokera pamenepo fizi yakweranso, ndipo imasiyana yunivesite ndi yunivesite, choncho mtengo wake uyenera kufunsidwa ku sukulu yeniyeniyo m'chaka chenichenicho, osati kwa msuweni amene anamaliza kalekale.

Ngongole ya HESLGB ndiyo msana wa njira imeneyi kwa mwana wosauka, ndipo pali zinthu zingapo zimene banja liyenera kuzimvetsa lisanayambe kuiwerengera. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole yapezeka. Imafunsiridwa payokha, pa nthawi yake, ndi umboni woti munthuyo ndi wosowadi, ndipo si onse ofunsira amene amapatsidwa. Ena amapatsidwa ya fizi yokha, ena ya fizi ndi yodyera. Ya fizi imapita ku yunivesite mwachindunji, wophunzira saigwira m'manja. Yodyera inakwezedwa mu 2024 kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka, ndipo ndalama imeneyi ikatchulidwa kumudzi imamveka ngati chuma, koma mukaigawa m'miyezi pafupifupi isanu ndi itatu imene wophunzira amakhala pasukulu, ikutuluka K70,000 pamwezi, yoti ikwanire lendi, chakudya, sopo, kusindikiza ntchito za m'kalasi ndi bandulo ya intaneti, m'dziko limene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalamayi siimupeza wophunzira pageti tsiku lotsegulira, chifukwa pamakhala kulembetsa ndi kutsimikizira maina, choncho masabata oyambirira ndi a banja. Pomaliza, ndi ngongole, si mphatso: lamulo limapereka zaka ziwiri zopumira munthu akamaliza, kenaka ayenera kuyamba kubweza, ndipo olemba ntchito ali ndi udindo wodula pa malipiro. Ine ndimati mwana asaiope, chifukwa poyerekeza ndi katapila wa pamudzi kapena chiwongoladzanja cha banki m'khonde, ngongole ya boma ndi yofatsa kwambiri.

Chimene chimatha mphamvu ana ambiri ndi nyumba ndi m'mimba. Mahositelo a mayunivesite a boma sakwanira ophunzira onse, ndipo ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda kwa a ku Zomba, ku Luwinga kwa a ku Mzuni, ku Chitawira ndi ku Zingwangwa kwa a ku MUBAS, cha ku Goliati kwa a ku MUST. Nditapita kukamuona mwana wa achemwali anga uja m'chaka chake chachiwiri, ndinamupeza m'kachipinda kamene ankagonamo anyamata anayi, matiresi awiri pansi, zovala zitapachikidwa pa chingwe chodutsa pakati, mbaula pakhomo ndi ndowa ya ufa yokhala ndi loko pakona. Anali atagawana masiku ophika monga mmene amagawirana madzi a mthirira, ndipo ndiwo zinali bonya kapena nyama ya soya, mpiru pang'ono pa Sabata. Laputopu inali imodzi, ya mnzawo amene amalume ake ali ku Joni, ndipo mwana wathu ankaigwira kuyambira pakati pa usiku mwini wake akagona. Anandiuza kuti, "Amalume, kalasi si yovuta, chovuta ndi kulowa mayeso a 8 koloko m'mawa utagona ndi tiyi wopanda shuga." Njala yotere imasanduka sapu (mayeso olembanso munthu akalephera phunziro), sapu ikalephereka imasanduka kubwereza chaka, ndipo mwana amene wabwereza kapena wachotsedwa amabwerera kumudzi ndi ngongole koma wopanda pepala, zomwe ndi zoipa kuposa akanapanda kupita n'komwe. Kwa mwana wamkazi ngozi ndi yoposa pamenepa, chifukwa amuna a magalimoto amadziwa bwino sabata imene ufa umatha m'zipinda zimenezi. Banja limene likutumiza mwana ku yunivesite ya boma lisawerengere fizi yokha, liwerengenso matumba a chimanga amene lingapatule chaka chilichonse kwa zaka zinayi kapena zisanu, ndi munthu mmodzi wodalirika amene foni yake ingayankhidwe mwana akaimba pakati pa semesita.

Nanga digiri ikapezeka, umphawi umatha? Nthawi zambiri umachepa, koma mochedwa kuposa mmene makolo amayembekezera. Boma linayambitsa mu 2018 ndondomeko yotenga achinyamata omaliza maphunziro kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake, ndipo kuchuluka kwa amene amathamangira mwayi umenewo kukuonetsa kuti madigiri akuchuluka kuposa mipando. Apa mwana wosauka amaluzanso kachiwiri mwakachetechete. Mnzake wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa angathe kukhala kwa makolo ake chaka chonse akugwira ntchito yongodzipereka mpaka atadziwika, pamene iye akamaliza mayeso omaliza amakwera basi kubwerera kumudzi kumene nyuzipepala ya malonda a ntchito sifika, ndipo ndalama yopitira ku intavyu ku Lilongwe iyenera kuchokera m'nkhokwe. Akaipeza ntchitoyo, malipiro ake oyamba ali kale ndi eni ake: fizi ya ang'ono ake, fetereza wa amayi, malata a nyumba. Pa chifukwa chimenechi, pulogalamu imene ili ndi ntchito yodziwika kumapeto kwake, monga unamwino, uphunzitsi wa Masamu ndi sayansi, zowerengera chuma kapena uinjiniya, ndi yotetezeka kwa mwana wopanda wachibale muofesi kusiyana ndi pulogalamu imene ntchito yake imadalira amene ukumudziwa. Sindikunyoza maphunziro ena; ndikungonena kuti si onse amene angakwanitse kudikira.

Dzina likapanda kutuluka, banja limayamba kuyang'ana ku mayunivesite omwe si a boma, ndipo apa ndi pamene ndaona mabanja akuvulala kwambiri. Mayunivesite amenewa alipo abwino, monga Yunivesite ya Livingstonia imene inayamba mu 2003 ndi Yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo atulutsa anthu amene akugwira ntchito zolemekezeka. Vuto ndi masamu ake. Fizi imalipiridwa pa semesita, imaposa kutali ya boma, ndipo imakwera Kwacha ikagwa, pamene mtengo wa mtedza wa alimi sukwera pa liwiro lomwelo. Banja limagulitsa ng'ombe kulipira chaka choyamba, dimba kulipira chachiwiri, ndipo pofika chachitatu palibenso chogulitsa; mwana amaletsedwa kulemba mayeso, zotsatira zake zimasungidwa, ndipo zaka ziwiri zija sizisanduka pepala lililonse limene angaonetse kwa wolemba ntchito. Amene ali ndi wachibale wa malipiro okhazikika, amene walonjeza ndi mtima wonse zaka zonse zinayi, angayende njira imeneyi. Asanalipire ngakhale tambala, afufuze ku NCHE ngati yunivesiteyo ndi pulogalamu yeniyeniyo zili zovomerezeka, chifukwa kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa maphunziro ake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ngongole ya HESLGB imafika kwa ophunzira a m'mayunivesite ovomerezeka okha. Safunsa anadya phula, ndipo phula la digiri yosavomerezeka limadziwika munthu atatha kale zaka zinayi.

Ena amasankha kubwereza Fomu 4 kuti atsitse mapointsi. Kwa mwana amene anagwa ndi phunziro limodzi, makamaka Chingerezi kapena Masamu, kapena amene analemba akudwala kapena ali pa maliro, chaka chimodzi chimenecho n'chotsika mtengo kuposa njira ina iliyonse. Koma kubwereza pa sukulu yomweyo, ndi mabuku omwewo ndi ganyu yemweyo masana, kawirikawiri kumabweretsa mapointsi omwewo.

Njira imene anthu amaiderera koma yakweza mabanja ambiri a kumudzi kuposa ina iliyonse ndi ya uphunzitsi. Makoleji a boma ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale ali m'zigawo zonse, ku Karonga, ku Kasungu, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Machinga, ku Phalombe ndi kwina, ndipo maphunziro ake, otchedwa IPTE, amatha zaka ziwiri, mbali ina m'kalasi ndi mbali ina pa sukulu yeniyeni. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi yunivesite, ndipo pa nthawi ya koleji malo ogona ndi chakudya sizikhala mutu waukulu ngati wa ku Chikanda. Choipa chake n'chodziwika kwa aliyense: omaliza akhala akudikira zaka asanalembedwe ntchito ndi boma, ena n'kumagwira ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa, ndipo ntchito ikapezeka imakhala ya kumudzi kwenikweni, kalasi ya ana 100 ndi nyumba yodontha. Koma mphunzitsi wolembedwa ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ali ndi penshoni, angathe kutenga ngongole ku SACCO, ndipo koposa zonse ali ndi makwerero. Ku Domasi ndi ku Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale, ndipo Mzuni ili ndi maphunziro a patali amene munthu amawachita ali pantchito, n'kumapita kukakumana ndi aphunzitsi ake kwa masabata ochepa pachaka. Ndikudziwa aphunzitsi angapo amene anayamba ndi Sitandade 2 pansi pa mtengo, lero ali ndi digiri imene anadzilipirira okha osagulitsa munda wa makolo. Anafika mochedwa ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri poyerekeza ndi anzawo, koma pa zaka zonsezo pakhomo pawo pankalowa ndalama m'malo motuluka.

Maphunziro a patali omwewa, amene LUANAR ndi mayunivesite ena a boma alinso nawo, ndi otseguka kwa mwana wongomaliza kumene Fomu 4, ndipo amachotsa mtolo wa lendi ya chaka chonse. Amafuna munthu wodziletsa, foni yabwino ndi malo a netiweki, ndipo kwa mwana wa zaka 18 amene ali pakhomo pamene aliyense amamutuma kumunda, kuchigayo ndi kumaliro, kudziletsa kumeneko n'kovuta kuposa mmene zimamvekera. Ndimaona kuti amamuyenera kwambiri munthu amene ali kale pantchito.

Za chipatala zili pakati pa njira ziwirizi. Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba, pamodzi ndi makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga a ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malamulo, ku Mulanje Mission ndi ku Malosa, amaphunzitsa anamwino ndi azamba, madokotala othandizira, oyeza magazi ndi ogawa mankhwala, ambiri pa dipuloma ya zaka zitatu. Amafuna makirediti abwino a sayansi, makamaka Bayoloji, ndipo mpikisano wake si wamasewera. Fizi yake, ngati palibe thandizo la boma kapena la bungwe, ndi yolemera ndithu, ndipo pamwamba pake pali yunifolomu, zipangizo ndi ndalama yokhalira kumene wophunzira watumizidwa kukaphunzira ntchito m'chipatala. Akamaliza ayenera kukhozanso mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kapena kulembetsa ku bungwe la madokotala asanagwire wodwala. Nawonso akhala akudikira kulembedwa ndi boma, koma kusiyana kwake n'kwakuti namwino ali ndi makomo ambiri: zipatala za mishoni, zipatala za anthu wamba, mabungwe a zaumoyo, ndipo pambuyo pake angathe kukweza dipuloma yake kukhala digiri ku KUHeS kapena ku Mzuni. Kwa mwana wamkazi wa mapointsi abwino amene yunivesite yamudumpha, ndipo mpingo kapena wachibale angathe kuthandiza fizi, ine ndingaike njira imeneyi patsogolo pa digiri ya yunivesite yolipira, yomwe si ya boma.

Ntchito za manja zili ndi mbiri yoipa imene siziyenera. Kumudzi amati ku tekiniko kumapita amene sukulu yawakanika, koma amene amanena zimenezi sanafunsepo kuti woika mawaya a magetsi m'nyumba kapena wokonza mafiriji amalandira zingati pa ntchito ya masiku atatu. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limayendera msonkho wa 1 peresenti umene olemba ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo, limasankha achinyamata opita ku makoleji a ntchito za manja monga a ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete, ku Salima, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Livingstonia, ndipo osankhidwa mwa njira imeneyi amalipira zochepa kusiyana ndi olowa paokha. Kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegulanso makoleji a ntchito za manja a m'madera, kuyambira ndi ya ku Ngara ku Karonga, amene mwana angathe kuyendera kuchokera pakhomo. Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi wakuti ndalama imayamba kulowa msanga: wophunzira ukalipentala kapena kuwotcherera amayamba kugwira timaganyu ali m'chaka choyamba. Malire ake ali pa mpamba. Satifiketi yopanda makina owotcherera, yopanda bokosi la zipangizo, imamusiya mnyamata akugwirira ntchito mwini shedi pa malipiro a tsiku, choncho banja losankha njira imeneyi lisunge mbuzi ija kuti idzagule zipangizo pomaliza, isathere pa chikondwerero. Ndiyeneranso kunena kuti denga la njira imeneyi ndi lotsikirapo kwa amene maloto ake ali muofesi, ngakhale kuti dipuloma ya uinjiniya ingathe kutsegula khomo la MUBAS pambuyo pake. Kwa mwana wa mutu wa Masamu palinso mayeso a zowerengera chuma a bungwe la ICAM, amene amalembedwa gawo ndi gawo, munthu n'kumalipira pepala lililonse akapeza ndalama, ndipo ambiri amawapitiriza ali kale kalaliki penapake.

Za thandizo laulere ndinene mwachidule, chifukwa ndi mwayi wowonjezera, si njira yoti banja liikepo mtima wonse. CAMFED imathandiza atsikana ochokera m'mabanja osauka, MUST inakhazikitsa thumba lake lothandizira ophunzira osowa, makhonsolo ndi mipingo ina amalipirirako ana ochepa, ndipo Mastercard Foundation imalipira zonse kwa ophunzira osauka koma anzeru m'mayunivesite monga Ashesi ku Ghana, Makerere ku Uganda ndi Pretoria ku South Africa. Amene amapeza mwayi umenewu kawirikawiri ndi amene analemba makalata ambiri, anasunga mapepala awo onse pamalo amodzi, ndipo anapita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira sabata yoyamba m'malo modikira kuti njala iwafikitseko. Uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook umene ukulonjeza sukulu yaulere kunja koma ukufuna kuti mutumize kaye ndalama pafoni ndi wa akuba.

Tikaziika pamodzi njira zonsezi, kusiyana kwake kwenikweni kuli pa nthawi imene banja limayamba kupuma ndi kutalika kwa kumene mwana angafike. Yunivesite ya boma imafikitsa patali kuposa zonse, ndipo ngongole imaichepetsa mtengo, koma imafuna zaka zinayi za ufa ndi mwina ziwiri zina zofunafuna ntchito. Uphunzitsi ndi ntchito za manja zimabweza msanga ndipo sizigwetsa banja m'dzenje mwana akalephera, koma kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono ndipo kumadalira khama la mwini wake atayamba kale kulandira ndalama, nthawi imene ambiri amakwatira n'kuiwala za sukulu. Za chipatala zimadya ndalama zambiri poyamba koma pepala lake siligona m'sutikesi nthawi yaitali. Yunivesite yolipira ndiyo yokhayo imene ingasiye banja losauka lili losaukitsitsa kuposa mmene linalili, ndipo n'chifukwa chake ndaiika kumapeto, pokhapokha ngati wolipira alipo ndipo ndi wokhazikika. Zimatengeranso malo a mwanayo m'banja: wachisamba amene pambuyo pake pali ana anayi a ku sekondale sangayezedwe mofanana ndi chitsirizira amene akulu ake onse ali pantchito.

Kwathu tinasankha yunivesite ya boma, mwana atasintha maganizo a udokotala n'kuika uphunzitsi wa sayansi pamwamba. Tinagawana mtolo polemba m'kope: alamu anga matumba atatu a chimanga chaka chilichonse ndi nyemba, ine lendi, azakhali ake a ku Mzuzu ndalama ya basi ndi bandulo, ngongole ya boma fizi. M'chaka chachitatu fodya anagulidwa moipa, ndipo thumba lachitatu silinapezeke. Mwanayo anayamba kuphunzitsa Masamu ana a Fomu 2 madzulo m'nyumba za anthu kuti apeze ya ndiwo, ndipo semesita imeneyo analemba sapu imodzi. Pano akuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ngongole yayamba kudulidwa pa malipiro ake, ndipo mlongo wake, amene wapeza mapointsi 24 chaka chino, watumiza kale makalata ku koleji ya unamwino ndi ku TEVETA, kope lija talitsegulanso pa tsamba latsopano.